Dzanja Limene Laurits Krog Anakweza

Lachinayi lapitali tinaika m'manda M'bale Laurits Krog, mmisiri wa magudumu a ngolo, amene anakhala pakati pathu m'chigwa chino cha Sanpete zaka makumi atatu ndi zisanu. A bishopu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata ya mpingo, poti ndine mlembi, komanso poti nyumba yanga ndi yawo zinkagawana mpanda umodzi. Ndavomera. Koma ndinene poyamba kuti amene akufuna nkhani yosangalatsa atsegule tsamba lina. Munthuyu anali wokhulupirika kuposa ambiri a ife, ndipo kukhulupirikako kunawalanda mkazi, kenaka kunawalanda mwana yekhayo amene anatsala naye.

Anabadwa m'chaka cha 1814 kumpoto kwa Denmark, kufupi ndi Hjørring, m'nyumba ya mmisiri wa ngolo. Anali mwana wosalankhulalankhula, moti amayi awo ankati akafuna kudziwa ngati mwanayo alipo, ankangomvetsera kulira kwa sowo kuseri kwa nyumba. Bambo awo anali munthu waukali, wophunzitsa ntchito ndi ndodo. Lamulo lalikulu la pakhomopo linali lakuti mtengo wa gudumu uyambe wagona m'shedi zaka zitatu usanaone sompho. Pofika zaka khumi ndi ziwiri, Laurits ankadziwa mtengo wauwisi pongoununkhiza.

Atakula anakwatira Dorte, mwana wa msodzi, mkazi wanthabwala ndi wosabisa mawu. Anthu ankati banjali linagawana bwino ntchito, wina kulankhula wina kumvetsera. Ana awiri oyamba anawaika m'manda ali makanda. Wachitatu, mtsikana dzina lake Sidsel, ndiye anakula, ndipo bambo ake ankayenda naye paliponse atamugwira dzanja.

Alaliki a mpingo wathu atafika kumeneko m'chaka cha 1852, a Laurits anawamvetsera katatu, ulendo wachinayi n'kupempha ubatizo. Anabatizidwa pamodzi ndi akazi awo m'nyanja, m'mwezi wozizira, anthu a m'mudzi ataima pagombe n'kumaseka. Kuyambira sabata imeneyo palibe mlimi anabweretsanso ngolo kuti ikonzedwe. Mawindo anaswedwa kawiri. Mnansi wina ankakonda kuwakuwira akamadutsa.

"Laurits, tamva kuti Mulungu wasamukira ku Amereka. Ukakamupeza umuuze kuti kunonso tidakamufuna."

A Laurits ankangovula chipewa n'kupitirira. Oyankha anali a Dorte, ndipo zimene ankayankhazo sizingalembedwe m'kalata ya mpingo.

M'chaka cha 1856 anagulitsa zonse n'kulowa nawo ulendo wa ku Ziyoni, kumene mpingo wathu unkasonkhana ku Amereka. Anawoloka nyanja, anakwera sitima mpaka ku Iowa kumene njanji inathera, ndipo pamenepo anapeza kuti zikuku zimene amayenera kukoka ndi manja mpaka kuchigwa cha Salt Lake zinali zisanapangidwe. Mwezi unali wa Julayi, nyengo itapita kale. Amisiri onse a m'gululo anaitanidwa. Matabwa ouma anali atatha ndi magulu amene anatsogola, ndiye anawapatsa mitengo yongodulidwa kumene, madzi akuchucha pa sowo. Chitsulo chokutira magudumu panalibe.

A Laurits anaununkhiza mtengo woyamba, mtima wawo n'kugwa. Anapita kwa mmodzi wa akulu otsogolera gululo n'kunena motsitsa mawu kuti mitengoyi ikakaona mphepo youma ya kuchipululu idzanyala, ndipo magudumu adzagwedera. Mkuluyo sanali munthu woipa. Anali wotopa, ali ndi anthu mazana anayi ogona m'mahema amene ankamufunsa tsiku lililonse kuti tinyamuka liti. Anawagwira paphewa n'kuwauza kuti Iye amene anagawa Nyanja Yofiira sangalephere kuumitsa thabwa. A Laurits anati inde, n'kubwerera ku ntchito. Anapanga magudumu oposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo lililonse analipanga mosamala ngati kuti mtengowo unali wabwino.

Chapakati pa Ogasiti anafika ku Florence, m'mphepete mwa mtsinje wa Missouri, malo otsiriza amene munthu akanatha kuimapo n'kudikira kuti nyengo yachisanu idutse. Kunaitanidwa msonkhano wakuti anthu avomereze kupitirira. M'mawa mwake a Dorte, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anawapeza amuna awo akumanga gudumu ndi chikopa.

"Bambo ake a Sidsel, inu ndi amene mukuzidziwa zikukuzi. Mukaima n'kunena, anthu amva. Paja simulankhula, ndiye tsiku limene mwatsegula pakamwa aliyense amatchera khutu."

"Ndine yani ine kuti nditsutse atumiki a Ambuye?"

"Ndinu mmisiri. Iwowo adziwa malemba, inu mudziwa mitengo. Kapena mitengonso mwaisiya m'manja mwa akulu?"

A Laurits anapitiriza kumanga gudumu lija. Sidsel, amene anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anali pomwepo akutsuka mbale, ndipo anamva zonse.

Pamsonkhanopo panalankhulidwa mawu otentha a chikhulupiriro, anthu analira, ena anaimba. Kenaka mtsogoleri anati onse ovomereza aonetse monga mwa mwambo wathu, pokweza dzanja lamanja. Manja anakwera mbali zonse. A Laurits anali ataima Sidsel atagwira dzanja lawo lamanjalo ndi manja ake onse awiri, ndipo mwanayo analifinya. Iwo anayang'ana pansi kwa kanthawi. Kenaka anamasula zala za mwanayo chimodzichimodzi, n'kukweza dzanja. A Dorte ataona zimenezo anakwezanso lawo. Atafunsa ngati alipo wotsutsa, panalibe.

Zimene a Laurits ananena zinachitika zonse. Asanathe masabata awiri mitengo inanyala, magudumu anayamba kulira ndi kugwedera, ndipo mchenga unadya mitanda imene magudumuwo amazungulirapo. Anthu anapaka mitandayo sopo wawo, sopo atatha anapaka mafuta a nkhumba amene amayenera kudya. Gulu likaima kuti lipume, a Laurits sankakhala pansi. Ankayenda chikuku ndi chikuku, kumanga, kukhoma, kuviika magudumu m'madzi kuti afufume. Anthu ankawadalitsa, ankati pakanapanda M'bale Krog tikanathera panjira. Mawu amenewo ankawawotcha, chifukwa ankadziwa kuti tsiku lililonse lotayika pokonza chikuku linali tsiku loyandikira chisanu. Ufa unachepetsedwa, kenaka unachepetsedwanso.

Kumayambiriro kwa Okutobala a Dorte anabereka mwana wamwamuna m'mbali mwa njira. Mwanayo anakhala masiku anayi. Mayiyo anayendabe sabata ina, atagwira kumbuyo kwa chikuku, mpaka miyendo inakana, ndipo anawagoneka pamwamba pa katundu. Chipale chofewa chinawapeza pa mtsinje wa Sweetwater, anthu ali ndi zovala za m'chilimwe. Tsiku lachiwiri la chipalecho, dzuwa lili paliwombo koma losaoneka, mtanda wa chikuku chawo unathyoka. Zikuku za anthu onse anali atazikonza, chawo chokha n'chimene sanapeze nacho mpata. Anagwada m'chipale n'kuyamba kumanga, zala zosamva kanthu. A Dorte anawayang'ana ali chigonere.

"Musavutike nacho cha ine, bambo. Kakonzeni za anthu amene akupitirira."

Anamaliza kumanga, anadzuka kuti awauze kuti tiyeni, n'kupeza kuti amwalira. Sidsel anali atakhala pambali pa amayi ake, ndipo sanaitane. Anawaika m'dzenje limodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, dzenje losafika m'mawondo chifukwa nthaka inali itauma ngati mwala. Ngolo zodzawapulumutsa zinafika patapita masiku atatu.

Atafika kuchigwa, mapazi a Sidsel anali atada. Munthu amene ankadziwako za mabala anadula theka la phazi lililonse ndi mpeni ndi kasowo, popanda mankhwala ogonetsa, ndipo amene anamugwira mwanayo kuti asaphiriphithe anali bambo ake.

Patapita zaka ziwiri anatumizidwa kuno ku Sanpete, ndipo anabwera osafunsa chifukwa. Anamanga kanyumba ka zidina, anakumba nawo ngalande yathu yoyamba, anatsegula shedi ya magudumu. Sanakwatirenso. Mwana wawo anamulera okha, kumuphikira, kumusemera nsapato zamtengo zogwirizana ndi mapazi akewo, kumubereka kumsana popita ku mapemphero mpaka mtsikanayo anakana yekha. Sidsel ankagwira ntchito zonse za pakhomo, ankayankha akafunsidwa, koma sanawagwirenso dzanja bambo ake.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, tsiku lina atachokera ku mapemphero kumene anthu anakweza manja kuvomereza zinazake za ngalande, Sidsel anaika chakudya patebulo koma sanakhale pansi.

"Bambo, ndikufunsani kamodzi kokha. Ku Florence kuja, munkadziwa?"

"Ambuye ndiye adziwa zonse, mwana wanga."

"Sindikufunsa Ambuye. Ambuye sanandimasule zala. Ndikufunsa inuyo."

"Amayi ako ali pamalo abwino."

"Amayi anadyedwa ndi mimbulu, bambo, dzenje lija munaliona nokha. Ine ndingofuna ndimve m'kamwa mwanu mukunena kuti munalakwa. Tsiku limene mudzanene, ndidzakhalanso mwana wanu."

A Laurits anapinda manja n'kudalitsa chakudya. Mwezi usanathe Sidsel anachoka ndi munthu woyendetsa ngolo za katundu, wosakhala wa mpingo wathu, ndipo anakakwatirana ku migodi ya ku Montana.

Ena mwa inu mudzati mawu amodzi okhawo anavuta chiyani. Inenso ndinkatero, ndipo ndinawakwiyira nazo zaka zambiri. Koma ndinadzamvetsa mochedwa. Ngati ulendo uja unali chifuniro cha Mulungu, ndiye kuti a Dorte anali nsembe yolandiridwa kumwamba. Ngati kunali kulakwa kwa anthu, ndiye kuti mkazi wawo anangofa basi, m'chikuku chimene iwo eni anachipanga akudziwa. Munthuyu analibe mphamvu yonyamula chachiwiricho, ndiye anakakamira choyamba ndi manja onse, ndipo mtengo wake unali Sidsel.

Zaka zotsatirazo anazipereka ku mpingo. Pamene ngolo zathu zinkapita kum'mawa kukatenga abale atsopano, magudumu ambiri a m'mudzi uno anali ochokera m'shedi mwawo, ndipo palibe limene linabwerera lothyoka. Mtengo wauwisi sanaukhudzenso. Bishopu wathu woyamba, munthu wachangu, anawauza chaka china kuti ntchito ya Ambuye ikufulumira, asadikire zaka zitatu. A Laurits anavula chipewa mwaulemu.

"Ine ndimvera, a bishopu. Koma mtengowu sunabatizidwe, sumva uphungu."

Bishopuyo anaseka n'kudikira. Mawu amenewo mpaka lero timawanena tikamakangana za ntchito, ndipo ambiri amawanena osadziwa kumene anachokera.

Mabokosi a maliro a ana onse amene anamwalira m'mudzi muno ndi nthenda ya chikuku ndi matenda a pakhosi anapangidwa ndi iwo, ndipo sanalandirepo kanthu. Amasiye ankangodzuka n'kupeza chitseko chakonzedwa. Pomanga kachisi ku Manti anatuta miyala zaka zinayi, ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Sanajombepo ku mapemphero. Tchimo lawo lodziwika linali khofi, woletsedwa mu mpingo wathu, amene ankaumirira kuti ndi wa balere wokazinga, ngakhale fungo lake podutsa mpanda linkanena zina.

Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Julayi, chokumbukira kufika kwa abale oyamba, timakweza okalamba a zikuku pa ngolo yokongoletsedwa n'kuwayendetsa mumsewu, ana akuwomba m'manja. A Laurits ankakhala pamalo amene awauza, chipewa pamaondo, maso ali pa magudumu a ngolo ya patsogolo. Zikatha ankapita kunyumba n'kutseka chitseko, ndipo tsiku limenelo utsi sunkatuluka padenga pawo. Nyengo yokolola ikatha ankasema nsapato zamtengo, kuziyala chikopa cha nkhosa mkati, n'kuzitumiza ku Montana, kukula kwake akungoganizira. Yankho silinabwerepo.

Kachisi atatsegulidwa mu 1888, anapita kukamangitsa banja lawo kuti likhale limodzi mpaka muyaya. A Dorte ndi ana atatu omwalira anaimiriridwa ndi abale ndi alongo, monga timachitira ndi akufa. Koma mwana wamoyo palibe angamuimirire, ayenera kubwera yekha n'kugwada mwa kufuna kwake. Maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndiye kalata yopempha Sidsel ndinalemba ndine. Imeneyo yokha ndiyo inayankhidwa, ndi mzere umodzi: funso langa mukulidziwa. Nditawawerengera ndinataya ulemu. Ndinawauza kuti akalamba, kuti mawuwo ndi ochepa, kuti anene ine ndilembe pompano. Iwo anangondipempha kuti ndiwaperekeze kushedi, kunali gudumu la munthu lofunika Lolemba. Kukachisi anapita, ndipo anagwada paguwa mbali imodzi pali malo opanda munthu.

M'mwezi wa Marichi chaka chino anagwa m'shedi, mbali yakumanzere n'kufa. Maso anali atatheratu. Chingerezi chimene anachiphunzira movutikira chinawathawa, anatsala ndi chinenero cha kwawo chokha, ndipo masiku anayamba kuwasokonekera. Ndinalembera Sidsel osawapempha, kumuuza kuti bambo ake atsala madzi amodzi. Sindinkayembekezera kanthu.

Anafika Lolemba masana, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, wa imvi, woyenda ndi ndodo ziwiri. Anakana chakudya. Ndinamulowetsa, ndipo anakhala pa mpando wa pambali pa bedi umene amayi a bungwe lathu lachifundo ankasinthanapo. A Laurits anamva kulira kwa mpandowo n'kutembenuza mutu.

"Ndi mlongo uti wabwera lero?"

"Ndangobwera kudzakuonani."

"Zikomo, mayi. Mawu anu ndi achilendo, koma mukulankhula chakwathu."

Kenaka a Laurits anayamba kumuuza mlendoyo kuti ali ndi mwana wamkazi kutali, ndipo anapempha kuti wina asamuitane, chifukwa mwezi uno njira njoipa ndipo mwanayo mapazi ake si abwino. Ine ndinali pakhomo, ndipo ndinafuna kulankhula, koma Sidsel anandiletsa ndi maso.

"Mapaziwo ndinamudula ndine, mayi. Ndinkadziwa. Mtengo uja ndinaununkhiza tsiku loyamba. Amayi ake anandiuza kuti ndiime ndinene, ine n'kuopa kuti abale andiyesa wopanda chikhulupiriro. Mwanayo anandigwira dzanja kuti ndisakweze, ndinamumasula. Ndinalakwa. Kwa inu n'kosavuta kunena, poti sindikudziwani."

"Nanga mwanayo bwanji simunamuuze?"

"Akanandiyang'ana."

Sidsel anagwetsa ndodo imodzi pansi. Anawerama mpaka pafupi ndi khutu lawo.

"Bambo, ndine. Ndine Sidsel, ndamva."

Nkhalambayo inamwetulira mokoma mtima, monga munthu amachitira ndi mlendo amene walowa nyumba yolakwika.

"Ayi, mayi. Sidsel ndi wamng'ono. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi."

Sidsel anabwereza kawiri, katatu, anatchula dzina la amayi ake, anatchula mudzi wa ku Denmark, koma a Laurits ankangomuthokoza chifukwa chobwera. Kenaka anagona tulo. Anamwalira dzuwa lisanalowe, mwakachetechete, nkhope ili yosalala kuposa mmene ndinaionera zaka zonsezi.

Abale ndi alongo, chitsanzo chimene atisiyira n'cholemera, ndipo sindichikometsa. Tinaona munthu amene sanakane ntchito ya mpingo ngakhale tsiku limodzi, amene sanadandaulepo, amene anakwirira ana athu ndi manja ake. Zimenezo titsanzire. Koma tinaonanso munthu amene Mulungu anam'patsa kudziwa chinthu chimodzi bwinobwino, ndipo pa tsiku limene kudziwako kunafunika anakhala chete poganiza kuti kumeneko ndiko kumvera. Ine ndikhulupirira kuti Ambuye awalandira. Koma kumene apitako akapeza mkazi ndi ana atatu, ndipo wachinayi sitikudziwa.

Maliro atatha a bishopu anamufunsa Sidsel mofatsa ngati angafune kudzapita ku kachisi, tsopano poti mawu aja anawamva. Anayankha kuti mawuwo anauzidwa mlendo. Loweruka m'mawa ndinamuperekeza kokwerera sitima, ndipo ndinamuuza kuti ndapemphedwa kulemba za bambo ake. Anaima, atatsamira ndodo zake.

"Musalembe kuti ndinawakhululukira, chifukwa sindikudziwa. Lembani kuti ndinabwera, ndipo sanandizindikire."

Ndalemba monga ananenera.